Chakudya cha ku Scotland pa mbale yanu: phala la oats, haggis ndi supu wa nsomba yowamba

Ngati mwafika kumene ku Glasgow, Edinburgh, Dundee kapena Aberdeen, kaya kudzaphunzira kaya kudzagwira ntchito, mwina m'khitchini mwanu muli zinthu zomwe munazolowera kale: nkhuku, tomato, anyezi, ndi ufa wa nsima wogula pamtengo wowawa m'sitolo ya zakudya za ku Africa. Zimenezo zikhale, n'zathu. Koma musamangodutsa mashelefu a zakudya za eni dziko osaimapo, chifukwa pamenepo pali chakudya chotchipa, chokhutitsa ndi chofunditsa thupi, chimene anthu a kuno anachikonza polimbana ndi chisanu chomwechi chimene chikukuzunzani inu lero.

Dziko lino n'lozizira ndiponso lamvula, moti m'madera ambiri a kumapiri tirigu sankachita bwino. Zimene zinkalola kumera ndi oats ndi balere, kenaka mbatatesi itafala m'zaka za m'ma 1700. Mukaonjezapo nkhosa za m'mapiri ndi nsomba za m'nyanja yamchere, mwapeza pafupifupi chilichonse chimene maphikidwe akale a kuno amafuna. Ndi maphikidwe a anthu osataya kanthu, ndipo safuna ziwiya zachilendo. Mapoto atatu, chiwaya, mpeni wakuthwa ndi mthiko zakwana. Mitengo imene nditchule ndi ya m'masitolo akuluakulu. Imasiyana pang'ono sitolo ndi sitolo, choncho muitenge ngati poyambira powerengera ndalama zanu.

Yambani ndi phala

M'sitolo mupeza oats wa mitundu iwiri. Wina ndi wophwatalala, wolembedwa kuti porridge oats, ndipo amapsa msanga. Wina ndi wa timibulu tolimba, wolembedwa kuti pinhead oatmeal, amene amafuna nthawi koma amakoma kutafuna. Kilogalamu imodzi ya oats wamba mugula pakati pa paundi imodzi ndi mapaundi awiri, ndipo poti munthu mmodzi amakhuta ndi magalamu 50, paketi imeneyo ikupatsani mbale pafupifupi 20. Kadzutsa wotchipa kuposa ameneyu simumupeza kuno.

Thirani kapu imodzi ya oats m'poto, kenaka makapu awiri ndi theka kapena atatu a madzi ozizira, pogwiritsa ntchito kapu yomweyo. Madziwo akhale ozizira ndithu. Mukathira oats m'madzi owira kale, kunja kumapsa m'kati musanalowe madzi, phala n'kuchita mibulu. Tsinani mchere pang'ono ndi zala muthiremo, ikani pamoto wapakati ndi kumavundula. Likayamba kutokota chepetsani moto, mupitirize kuvundula kwa mphindi 5 kapena 6 mpaka lilimbe monga mumakondera. Phulani, vindikirani, lidikire mphindi 2. Phala lili pamoto musachoke kuti mukasite malaya, chifukwa oats amapserera msanga pansi pa poto, ndipo fungo lopserera limalowerera phala lonse. Ngati mwasankha wa timibulu uja, muviike m'madzi usiku wonse, m'mawa mumuphike pamoto wochepa kwa mphindi 20 mpaka 30.

Mchere musauiwale ngakhale mukufuna phala lotsekemera. Popanda mchere oats amangokhala zii m'kamwa, ndipo ambiri amene amati phala la kuno silikoma ndi pamenepa pamene anaphonya. Akale a ku Scotland ankadya phala lawo ndi mchere wokha, mkaka wozizira uli m'kapu pambali, n'kumaviika supuni ya phala lotentha mu mkakamo. Yesani kamodzi, mumva kukoma kwa kutentha ndi kuzizira zikakumana. Masiku ano ambiri amathira uchi kapena zipatso, ndipo supuni ya chiponde imagwirizana nalo kwambiri. Mukangopakula, thirani madzi ozizira m'poto kuti nkhoko isaume.

Eni dziko amavundulira kamtengo kowongoka kotchedwa spurtle, koma mthiko wanu ugwira ntchito yomweyo. Phala salitenga mwamasewera: m'mudzi wa Carrbridge, ku Highlands, mwakhala mukuchitika mpikisano wa dziko lonse wophika phala kuyambira 1994, ndipo wopambana amalandira spurtle yagolide. Bungwe la Mary's Meals, lomwe likulu lake lili ku Dalmally kuno ku Scotland, linayamba kudyetsa ana asukulu phala ku Malawi mu 2002, ndipo pa 10 Okutobala chaka chilichonse anthu amakumbukira tsiku la phala pothandiza ntchito imeneyi. Mnzanu wa kuntchito akamva kuti ndinu wa ku Malawi n'kuyamba kukamba za phala, dziwani kuti nkhani yake yachokera kumeneko.

Haggis, neeps ndi tatties

Ndiyambe ndi kukuuzani zimene zili m'kati, popeza n'zimene anthu amanong'onezana. Haggis ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, zophika n'kugayidwa pamodzi ndi oats, anyezi, mafuta a nyama, mchere ndi tsabola wakuda wambiri. Kale ankazitsekera m'chifu cha nkhosayo. Lero opanga ambiri amagwiritsa ntchito chikopa chopanga kufakitale. Alendo ena amachita tsinya akamva zimenezi, ndipo dziko la United States silinalole kuitanitsa haggis wa mapapo kuyambira 1971. Koma munthu amene anadyapo zam'kati za mbuzi zotentha pachiwaya cha pamsika alibe choopa apa. Kakomedwe kake ndi ka nyama yonona ya tsabola, yoyoyoka m'kamwa chifukwa cha oats.

Musanaike m'dengu, tembenuzani paketi muwerenge zolembedwa kumbuyo. Opanga ena amaikamo zam'kati kapena mafuta a nkhumba, ndipo ngati chipembedzo chanu sichilola nkhumba, apa m'pofunika maso. Alipo haggis wopanda nyama, wa nyemba, ndiwo zamasamba ndi oats, amene kampani ya Macsween ya ku Edinburgh inayamba kupanga mu 1984. Ndi wokoma ndithu, ndipo ana ambiri amayambira ameneyu. Chenjezo lina: pafupi ndi haggis pamakhala soseji yakuda yotchedwa black pudding. Imeneyo imapangidwa ndi magazi, ndipo imabweranso pa mbale ya kadzutsa m'mahotela a kuno. Ngati simudya magazi, nenani musanaitanitse.

Haggis amapezeka chaka chonse, koma nyengo yake yeniyeni ndi Januwale. Pa 25 Januwale anthu amakumbukira kubadwa kwa mlakatuli Robert Burns, amene anabadwira ku Alloway mu 1759 n'kumwalira mu 1796. Iye analemba ndakatulo yotamanda haggis mu 1786, ndipo mu 1801 anzake anasonkhana m'nyumba imene anabadwira kuti amukumbukire ndi chakudya. Mwambo wa Burns Night unayambira pamenepo. Sabata imeneyo masitolo amadzaza haggis, nthawi zambiri pamtengo wotsikirako.

Pa banja la anthu anayi gulani haggis awiri a magalamu 450 kapena mmodzi wamkulu wa magalamu pafupifupi 900. Wamng'onoyo amagulidwa mapaundi atatu mpaka asanu. Mufunanso kilogalamu imodzi ya mbatatesi (tatties), swede mmodzi wamkulu (neeps), batala ndi mkaka pang'ono. Zonse pamodzi siziyenera kupitirira mapaundi 15, ndipo mupatule ola limodzi ndi theka kuchokera poyatsa moto kufika pokhala patebulo.

Haggis wa m'sitolo ndi wophika kale, ntchito yanu ndi kumutenthetsa mpaka m'kati. Yambani ndi iyeyo chifukwa ndiye amachedwa. Chotsani pulasitiki yakunja yokha. Chikopa cham'kati, chomangidwa kumapeto konse kuwiri, chisiyeni. Mukulungeni bwinobwino m'pepala la foyilo, mumuike m'poto wamkulu, thirani madzi ozizira mpaka amire, ndipo ikani pamoto. Madzi akangoyamba kutulutsa tithovu, chepetsani moto kuti azingonjenjemera pamwamba. Apa ndi pamene ambiri amaonongera mgonero wawo: madzi akawira mwamphamvu chikopa chimaphulika, haggis yense n'kusungunukira m'madzi, ndipo palibe njira yomubwezera. Foyilo ija ndi yoteteza ngati chikopa chang'ambika pang'ono, koma moto wochepa ndiwo chitetezo chenicheni. Musamubaye ndi foloko pofuna kuona ngati wapsa. Wa magalamu 450 amafuna mphindi 45 mpaka ola limodzi, wamkulu amafuna nthawi yoposerapo, ndipo nthawi yolembedwa pa paketi ndiyo muitsate.

Ngati malo a mapoto akuchepa, gwiritsani ntchito uvuni. Mukulungeni m'foyilo chimodzimodzi, mumuike m'mbale yolowa mu uvuni yokhala ndi madzi okwera masentimita awiri, pa moto wa madigiri 180, kwa ola limodzi ndi mphindi 15. Muzisuzumira kuti madzi asaphwe. Tsiku lotopa, maikulowevu imathandiza: chotsani chikopa ndi tizitsulo tomangira kumapeto, duladulani, vindikirani, ndipo muvundule pakati pa nthawi. Tizitsuloto musatiiwale, chitsulo sichilowa m'maikulowevu.

Haggis ali pamoto, gwirani neeps. Pogula samalani: eni dziko amati neeps kapena turnip, koma pa shelefu palembedwa swede. Mukufuna chachikulu, cholemera, chofiirira pamwamba ndi chachikasu m'kati. Tating'ono toyera tolembedwa turnip ndi tina, n'tamadzi ndipo timawawa pang'ono. Swede ndi wolimba kwambiri, ndipo mpeni ukaterereka umapita kuchala. Choncho yambani mwadula kachidutswa pansi kuti akhale chilili pa thabwa osagubuduka, kenaka musende kuchokera pamwamba kutsika pansi, khungu lokhuthala ndithu, mpaka chikasu chioneke. Duleni m'zidutswa za masentimita awiri, muwiritse m'madzi amchere kwa mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, mpaka foloko ilowe mosavuta.

Swede akatha mphindi 10 pamoto, ikani mbatatesi mu poto wakewake. Musaziphatikize, chifukwa mbatatesi imapsa msanga ndipo ingasungunuke swede akadali gwa. Sankhani mbatatesi yaufa monga Maris Piper kapena King Edward. Dzina limalembedwa pa thumba. Sendani, dulani zidutswa zofanana, yambani ndi madzi ozizira amchere, ndipo ikawira idikireni mphindi 20.

Zonse zikapsa, tsanulani madzi onse, kenaka mubwezere poto aliyense pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nthunzi ituluke. Kasitepe aka kamaoneka kachabe koma ndiko kamasiyanitsa mbale yabwino ndi mbale yodzaza madzi, makamaka kwa swede amene amamwa madzi ambiri. Phwanyani swede ndi batala, mchere ndi tsabola wakuda, osathira mkaka. Mbatatesi iphwanyeni ndi batala wokwana supuni ziwiri zazikulu, kenaka muthire mkaka wofunda pang'onopang'ono mpaka ifewe. Gwiritsani ntchito chophwanyira chamanja kapena foloko. Makina ogayira amaisandutsa ulimbo wonanda umene palibe angaumeze mokondwa.

Tenthetsani mbale zodyera m'madzi otentha musanapakule. M'nyumba za kuno chakudya chimazizira msanga, ndipo mafuta a haggis akazizira amagwira m'kamwa. Vuulani haggis, chotsani foyilo, mumuike pa mbale yaikulu, ndipo mung'ambe chikopa ndi mpeni kuchokera kumapeto ena kufika ena, nkhope yanu ili patali ndi nthunzi. Pakati pake payenera kukhala potentha kwambiri. Tapani ndi supuni, chikopa mutaye. Pa mbale iliyonse ikani milu itatu, ndipo podya muzitapa pang'ono pa mulu uliwonse nthawi imodzi. Haggis payekha ndi wamchere ndi wonona mopitirira. Swede amabweretsa kutsekemera, mbatatesi n'kuziziritsa tsabola. Ku zilumba za Orkney amasakaniza swede ndi mbatatesi m'poto mmodzi zitapsa, n'kuzitcha clapshot, ndipo njira imeneyo ndi yabwino kwa ana okana swede.

Ambiri a ife tikaona mbale yopanda msuzi timaona ngati chakudya sichinathe kuphikidwa, ndipo kunena zoona mbale iyi imafunadi kamsuzi. Ine ndingakulangizeni kuti tomato mumusiye tsiku limeneli, amaphimba kakomedwe ka oats ndi tsabola. Kazingani anyezi mmodzi m'batala pamoto wochepa mpaka afiire, wazani supuni imodzi ya ufa wa tirigu, vundulani, ndipo muthire kapu ya msuzi wa nyama pang'onopang'ono mpaka ukhuthale. Eni dziko amakonda msuzi wa kirimu wothira wisiki pang'ono, koma wa anyeziwu suchepa kanthu.

Mukaitanidwa ku Burns supper, mgonero wa Burns Night, dziwani kuti haggis amalandiridwa mwamwambo. Amalowa naye pa mbale yaikulu, patsogolo pali woimba chitoliro cha bagpipes, anthu onse ataimirira. Kenaka wina amalakatula ndakatulo ija m'chinenero cha Scots, mpeni uli m'manja, ndipo pakati pa ndakatuloyo amamung'amba. Musadandaule ngati simukumva mawu ake, ngakhale odziwa Chingelezi bwino ambiri amangotolapo ochepa. Pokweza matambula, amene samwa mowa amakweza madzi kapena Irn-Bru, chakumwa cha kuno cha mtundu wa lalanje, ndipo palibe amene amadabwa.

Supu wa ku Cullen

Pa zonse zimene ndalemba pano, Cullen skink ndiye ndingakonde kuti muyambe kuphikira alendo. Dzina lake lachokera ku mudzi wa asodzi wa Cullen, m'dera la Moray kumpoto chakum'mawa, ndipo ndi supu wa nsomba ya haddock yowamba, mbatatesi, anyezi ndi mkaka. Nsomba mu mkaka zimamveka zachilendo, koma mkaka umafewetsa mchere ndi utsi wa nsombayo, supu n'kukhala wokhuthala ndi wofatsa.

Pa anthu anayi mufuna magalamu 400 a haddock yowamba, anyezi mmodzi wamkulu, magalamu 500 a mbatatesi, mamililita 600 a mkaka wosachotsa mafuta, kapu ya madzi ndi batala. Nsomba ndiyo idye ndalama, pafupifupi mapaundi 6 mpaka 9. Yowumitsidwa mufiriji imatsikirako mtengo ndipo imagwira ntchito bwino. Sankhani yotuwa. Yachikasu chowala ija anaipaka utoto, ndipo isandutsa supu wanu wachikasu popanda kuonjezera kukoma. Nthawi yonse ndi mphindi 40.

Ikani nsomba m'poto, thirani mkaka, ndipo mutenthetse pamoto wochepa mpaka mkaka uyambe kunjenjemera. Dikirani mphindi 5, zimitsani, vuulani nsomba muiike pa mbale, mkaka muusunge. Mu poto wina kazingani anyezi wodula bwino m'batala mpaka afewe, koma asafiire. Thiranimo mbatatesi yodula tizidutswa ndi kapu ya madzi ija, vindikirani, ziphike mphindi 15. Pamene mukudikira, chotsani khungu la nsomba, muimenyemenye m'zidutswa zazikulu ndi zala, mukufufuza minga iliyonse, makamaka ngati adye ndi ana. Mbatatesi ikafewa, phwanyani theka lake m'poto momwemo kuti supu akhuthale, thirani mkaka uja, ndipo pomaliza penipeni mubwezeremo nsomba kuti ingotentha.

Zolakwika zofala ndi zitatu. Kuthira mchere musanalawe, pomwe nsomba yowamba ili kale ndi mchere wambiri. Kulola mkaka kuwira, umene umasefukira kapena kudukaduka. Ndi kusiya nsomba pamoto nthawi yaitali mpaka iume ngati ulusi. Mukapeza Arbroath smokie, haddock yowambidwa pa moto wotentha m'tauni ya Arbroath, dziwani kuti ndi yopsa kale: ingoimenyani n'kuithira kumapeto, kapena muidye yokha ndi buledi wopaka batala. Supu wotsala amakhala masiku awiri mufiriji, ndipo pomutenthetsanso moto ukhale wochepa.

Chotsekemera, ndi zotsala za dzulo

Ngati mukufuna kutsekera ndi chotsekemera, cranachan amatenga mphindi 15. Kazingani supuni zinayi za oats pa chiwaya chouma, mukuvundula mosalekeza, mpaka anunkhire ndi kufiira pang'ono, kenaka mumutsanulire pa mbale azizire. Mukamuthira wotentha asungunula kirimu. Menyani mamililita 300 a double cream mpaka ayambe kulimba, sakanizani supuni zitatu za uchi, ndipo muyale m'matambula mosinthanitsa kirimu, zipatso za raspberry ndi oats. Wisiki ndi wosankha. Zipatsozi zimalimidwa kwambiri cha ku Blairgowrie ndipo zimatchipa m'chilimwe cha kuno. M'Januwale gulani zowumitsidwa mufiriji. Musanjike chakudya chitayandikira, oats akakhalitsa mu kirimu amalobodoka.

Mbatatesi yophwanya ikatsala musataye, mawa lake ikhala tattie scones. Pa magalamu 250 a mbatatesi thirani magalamu 60 a ufa wa tirigu, batala wosungunula supuni imodzi ndi mchere pang'ono. Kanyani mopepuka, ikamamatira m'manja onjezerani ufa pang'ono, koma osachulutsa, zingalimbe. Yalani pa thabwa lowaza ufa mpaka ipyapyale ngati theka la sentimita, dulani chozungulira kukula kwa mbale yaing'ono, muchigawe panayi, ndipo mubayebaye ndi foloko. Ikani pa chiwaya chotentha chopaka mafuta pang'ono, mphindi 3 mbali iliyonse, mpaka zichite mawanga ofiirira. Izi mungathe kuwaphunzitsa ngakhale abale kumudzi pa foni, mbatatesi ya ku Dedza kapena ku Ntcheu imachita bwino lomwe.

Haggis wotsala mulowetse mufiriji asanathe maola awiri chiphulireni, ndipo mumudye pasanathe masiku awiri. M'mawa mukazingeni pa chiwaya chomwe mwaphikira tattie scones, mukumuphwanya ndi supuni mpaka atenthe paliponse ndi kuuma pang'ono m'mbali, kenaka muswere dzira pambali pake. Tenthetsani wokwana kudya nthawi imeneyo basi, chifukwa nyama yotereyi siyenera kubwerera pamoto kachitatu.